Ndinangoti Akufanana

Nthawi imeneyo msewu wa ku Cuamba unali usanathiridwe phula. Ndinkagulitsa makapulana, zitenje za kwathu kuno, pamsika wa ku Mandimba, ndipo kamodzi pa mwezi ndinkakwera chapa, ndiye kuti minibasi, kukapikula katundu ku Cuamba, n'kugona kwa achemwali anga, m'mawa mwake n'kubwerera.

Tsiku limenelo chapa inadzaza msanga. Ndinakhala kumbuyo kwa motolisita, woyendetsa wathu. Kumanzere kwanga kunali agogo aamuna odwala mphumu, akupita kuchipatala ndi akazi awo. Kumanja, chakuzenera, kunali bambo wovala malaya oyera ositidwa bwino ndi magalasi akuda. Kutsogolo kunakhala bambo wina wonenepa, atakumbatira chikwama chobiriwira chimene anakana kuti chikwezedwe pamwamba ndi katundu wina.

Wa magalasi uja anandilonjera m'Chinyanja. Agogo aja anawalankhula m'Chiyao, motolisita m'Chipwitikizi. Fumbi litayamba kulowa anatseka zenera, nati, "Agogowa angabanike." Mumtima ndinati bamboyu analeredwa bwino.

Dzuwa lili paliwombo, tili pakati pa tchire pomwe panalibe ndi nyumba imodzi yomwe, anapisa dzanja m'thumba mwake modekha ngati akufuna mpango. Anatulutsa mfuti yaifupi n'kuigunditsa pakhosi pa motolisita.

"Khotani kumanzereko," anatero. "Musathamange. Nonsenu khalani chete, palibe amene avulale."

Tinalowa kanjira ka magalimoto onyamula thonje. Tinayenda nthawi yaitali, nthambi zikukwapula mazenera. Mwendo wa wamfutiyo unali wogundana ndi wanga, ndipo sunkanjenjemera. Titaima, anatiuza kuti tisiye mafoni pamipando, titsike mmodzimmodzi. Wonenepa uja anayesa kutsika ndi chikwama chake.

"Chimenecho chisiyeni."

Anayang'anana kanthawi. Wonenepayo anachiika pansi n'kutsika. Chapa inatembenuka, mkati muli motolisita ndi wamfutiyo basi. Itangoyamba kuthamanga m'pamene agogo aakazi anakuwa kuti, "Mankhwala!" Kampope kamene amuna awo ankapumira kanali m'dengu, pansi pa mpando.

Amuna anauyamba wapansi kukafuna msewu waukulu. Ife akazi anayi tinatsala ndi odwala pansi pa mtengo wopanda masamba. Tinawakupiza ndi kapulana, tinawanyowetsa milomo ndi timadzi totsala m'botolo. Chifuwa chawo chinkalira ngati chitseko chadzimbiri. Dzuwa litapendeka chinasiya kulira. Akazi awo anawatseka maso, nawaongola miyendo, kenako anandifunsa ngati ndinali ndi nsalu yoyera. Ndinalibe. Tinawafunditsa kapulana yanga yamaluwa ofiira.

Chapa inapezeka m'mawa mwake cha ku Lúrio, motolisita atamangidwa kuchiwongolero, wamoyo. Katundu yense analimo, mafoni onse, dengu la agogo ndi kampope kake. Chinasowa ndi chikwama chobiriwira chokha. Mwini wake naye anasowa. Amuna aja anati atafika pamsewu waukulu iye anaimitsa njinga yamoto, n'kukwera, osatsanzika. Sanapite kukadandaula kulikonse, ndipo mpaka lero palibe akudziwa chimene chinali m'chikwamamo.

Apolisi anandiitana katatu, poti ndine ndinakhala naye pafupi. Ankandifunsa za mphuno, za makutu, za msinkhu. Ndinadabwa kuona kuti nkhope yake ndinalibe nayo m'mutu. Mkazi wa mwini sayang'anitsitsa mwamuna wachilendo m'galimoto, ndipo mfuti itatuluka ndinkangoyang'ana pansi. Ndinkakumbukira manja okha: osalala, zikhadabo zoyera, ndi chipsera pachala chachikulu. Atandifunsa kuti dzanja liti, ndinati sindikukumbuka.

Pamsika aliyense ankamudziwa munthuyo kuposa ine. Ena ankati ndi msilikali wakale. Ena ankati anawoloka malire tsiku lomwelo. Ambiri ankati anapangana ndi motolisita, ndipo manong'onong'o atachuluka motolisitayo anasamuka ndi banja lake, osauza munthu kumene akupita. Ine usana ndinkayeza nsalu, koma ndikangokhala chete ndinkamva chifuwa cha agogo aja.

Patatha miyezi isanu anandiitananso. Anati agwira munthu wa ku Itepela, ku Ngauma, mlimi wa fodya. Mnansi wake ndiye anakamunenera, ati chaka chimenecho anakhoma malata ndi kugula njinga yatsopano, ndipo sabata ya chapa ija sanali pamudzi. Ankalankhula zinenero zitatu zija, monga amachitira anthu ambiri kwathu kuno.

Ndinamupeza atakhala pabenchi, wopanda nsapato. Anamuveka magalasi akuda namuuza kuti atambasule manja. Chipsera chinalipo, pachala chachikulu. Koma manjawo anali ong'aluka, akuda ndi utomoni wa fodya, zikhadabo zothetheka. Ndinaziona zimenezo. Sindinganame kuti sindinazione.

"Mayi, yang'anitsitsani," anatero wapolisi. "Ndi ameneyu?"

Munthuyo anati, "Mayi, ine sindinakuonenipo chibadwire."

Mawu ake sanandikumbutse kanthu. Koma ndinali nditatopa. Ndinkafuna kuti papezeke munthu, wina aliyense, woti imfa ya agogo aja ikhale pamutu pake, ine ndipume.

"Akufanana," ndinatero.

Ndinanena liwu limodzi lokhalo, n'kubwerera kumsika, ndikudziuza kuti sindinanene kuti ndi iyeyo. Anakhala m'ndende pafupifupi chaka. Anamutulutsa umboni utasowa, zitadziwikanso kuti sabata ija anali kumaliro a mlongo wake kutsidya kwa malire. Anatuluka akutsokomola. Mvula yotsatira sanaimalize.

Za imfa yake ndinazimva kwa mkazi wake. Anafika pabenchi langa tsiku lina Lachisanu, msika utachepa anthu chifukwa amuna anali kumzikiti. Anali mayi wamfupi, wovala duku lakuda. Ndinayesa wogula, ndinayamba kumutambasulira nsalu.

"Sindinabwerere nsalu," anatero. "Ndinu amene munati amuna anga akufanana?"

Ndinavomera.

"Tawaika mwezi watha. Chipsera chija anadzicheka ndi chikwakwa ndili pomwepo, ndine ndinawamanga chalacho. Malata tinagula ndi fodya wa zaka zitatu." Sanakweze mawu. "Kwathu ana anga amatchedwa ana a wachifwamba. Ndimafuna ndingokuonani nkhope, poti inu munaona ya amuna anga."

Ndinayamba kulira, ndikupepesa. Anandiyang'ana mpaka ndinatonthola, kenako anapita.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kumufuna ndekha munthu wa magalasi uja. Ndinkaganiza kuti ndikamupeza, mlandu wanga upepuka. Mwamuna aliyense wogula pabenchi langa ndinkamuyang'ana zala. M'chapa ndinkasankha mpando woti ndizitha kuona manja a anthu. Tsiku lina ku Cuamba ndinatsatira bambo wina kuchokera kusiteshoni ya sitima mpaka pakhomo pake, chifukwa cha mmene anatsekera zenera. Anali mphunzitsi, ndipo zala zake zinalibe chipsera. Amuna anga anandiuza kuti ndikapitiriza ndipenga. Ndinasiya kuwauza, koma kuyang'ana sindinasiye.

Patapita zaka zambiri, phula litathiridwa kale, ndinakumana ndi motolisita uja. Anali atabwerera ku Cuamba, atakalamba, akukonza matayala m'mbali mwa msewu. Ndiye anayamba kundizindikira. Tinakhala pamatayala akutha, ndipo ndinamufunsa funso limene ndinalisunga nthawi yonseyo, poti iye anakhala ndi munthuyo mpaka madzulo.

"Anali wamfupi, wakuda bii," anatero. "Dzino limodzi lakutsogolo linali lobenthuka."

"Ayi, bambo. Anali wamtali ndithu, woyererako. Nanga chipsera cha pachala?"

"Chipsera chanji? Dzanja limenelo linali pakhosi panga tsiku lonse. Ndikanachiona."

Tinali m'galimoto imodzi, koma aliyense anasunga munthu wakewake. Mwina chipsera chija ndinachiona padzanja la wina, mwina la agogo aja pomwe ndinkawagwira. Ndinamufunsa ngati wamfutiyo ananenapo kanthu asanachoke. Anati anamumanga, namwetsa madzi, n'kulowa m'bango ndi chikwama chija, osathamanga.

Mwezi womwewo ndinakwera chapa ya ku Ngauma. Ndinatsika pa Itepela Lamlungu m'mawa n'kufunsa nyumba ya mayi uja. Ndinamuuza chimene ndadzera. Anaganiza nthawi yaitali, kenako anati, "Tiyeni kutchalitchi. Kumeneko ndi kumene kuli anthu."

Ine ndine Msilamu, ndipo ndinali ndisanalowepo m'tchalitchi. Ndinadikira panja mpaka mapemphero anatha. Mkulu wa mpingo anawauza anthu kuti asabalalike, pali mlendo ali ndi mawu. Ndinaima pabwalo, anthu atandizungulira, ana a malemuyo ali pomwepo, akuluakulu kale. Ndinanena zonse monga ndalembera pano. Ndinati manja a bambo awo ndinawaona bwinobwino, ndinadziwa kuti si omwewo, koma ndinanenabe kuti akufanana.

Palibe anandilalatira. Bambo wina wachikulire anachoka pagulupo mwakachetechete, ndipo pambuyo pake ndinamva kuti ndiye mnansi amene anakanena za malata. Mwana wamkulu wa malemuyo anali atapinda manja pachifuwa. Anandifunsa kuti, "Ndiye ngati sanali bambo athu, anali ndani?"

"Sindikudziwa," ndinatero.

"Zaka zonsezi, simukudziwa?"

"Sindikudziwa, bambo."

Anagwedeza mutu n'kutembenuka. Anthu anayamba kumwazikana awiriawiri, akulankhula motsitsa. Mayi uja anandiperekeza mpaka pamsewu. Panjira anandilozera manda, patali pang'ono, kuseri kwa chigafa cha fodya chomwe denga lake linali litagwa. Sanandiitane kuti ndikafike pamandapo, ndipo ine sindinapemphe. Tinaima padzuwa mpaka chapa ya ku Mandimba inatulukira. Iye ndiye anaikwezera dzanja kuti iime.