Njerwa za pa Chulu cha Makanda

Pa 12 Seputembala 1974, tsiku Lachinayi, a Lawford Zikhale anayatsa moto pa uvuni wa njerwa umene mlamu wawo, a Nebert, anawaletsa kuti asaukhudze. Anauyatsa masanasana anthu akuona, atavula jekete lawo la kutchalitchi n'kulikoloweka pachitsa. Alipo anthu lero amene amati zakale n'zakale, tiziiwale. Amenewo ayambe amva kaye chimene chinali m'dothi la njerwazo.

A Nebert anali munthu wamfupi, wosalankhulalankhula, woumba njerwa kuyambira unyamata wawo. Anakwatira mayi Ursula, mlongo wawo wa a Lawford, ndipo ankakhala chikamwini m'mudzi umene unali pamene lero pali nyumba zamipanda za Area 12. Likulu litayamba kuchoka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, mudziwo unasamutsidwa. Anthu oyeza malo anaitana madoda kuti aloze manda. Madodawo analoza msitu wa kumanda, ndipo msituwo unasiyidwa. Palibe amene anafunsa amayi.

Apa m'pamene panalakwika. Kumudziko khanda likamwalira lisanatuluke m'chikuta, maliro ake ankaika ndi amayi okhaokha. Salira, sayimba, mwamuna sapitako ndiponso safunsa. Ankaliika m'dzenje losaya m'mbali mwa chulu china kunja kwa msitu, n'kuvundikirapo phale. Madoda sanabise kanthu. Analoza zimene ankadziwa basi.

Anthu ambiri a m'mudzimo anapita cha ku Kasiya, koma a Nebert ndi a Lawford anatsalira m'tauni, nachita lendi ku Kawale. Nthawi imeneyo Lilongwe yense anali fumbi, magalimoto a mchenga ndi maziko. Njerwa zinkagulidwa zisanazizire n'komwe. Awiriwa anagwirizana kuti a Nebert aziumba, a Lawford azifuna ogula, poti pakamwa anali napo. Onse anali akulu a mpingo umodzi. Mu 1974, pamalo pamene panali mudzi uja, anapeza chulu cha dothi lofiira bwino, lopanda mchenga, ndipo a Donald, bambo wa ku Rumphi wogwira ntchito m'boma, analonjeza kutenga uvuni wonse.

Pokumba ankapeza timapale. A Nebert ankatitaya pambali, poganiza kuti ndi miphika yakale ya pamudzi. Anaponda dothi ndi mapazi awo, analithira m'chikombole, anayanika, anasanja uvuni n'kuumata. Kunangotsala moto.

Tsiku lina mayi Ursula anawabweretsera thobwa. Anali asanafikekonso chisamukire, ndipo malo anali atasintha: mitengo yodulidwa, misewu yatsopano podutsa pamene panali minda. Koma ataona chitsa cha mkuyu ndi dzenje pambali pake, anatula chigubu, nakhala pansi pafumbi.

“Bambo, dothi ili mwakumba pati?”

“Pachulu apo. Nanga ukapitawo mwauyamba liti, mayi?” anatero a Nebert akuseka.

“Mwana wathu woyamba uja, munandifunsapo kumene anapita?”

“Mwamuna safunsa zimenezo.”

“Ndiye mwamupeza. Si iye yekha. Wa achemwali anga ali pompo, mapasa a kwa Kulusumu ali pompo.”

Sanalire, pakuti makanda otere saliridwa. A Nebert anayang'ana mapazi awo, matope atauma m'zikhadabo, ndipo thobwa lija sanalimwe.

M'mawa mwake anayenda wapansi mpaka ku City Centre, nadikira a Donald pakhomo la ofesi. Anawauza zonse, osachotsa kapena kuonjezera. A Donald anavula chipewa.

“Mwachita bwino kundiuza, dada. Mukanangokhala chete, bwenzi ana anga akugona m'menemo. Njerwazo sinditenga, ndipo musandiumbire zina pamenepo.”

A Lawford atamva anapsa mtima. “Alamu, mwatani kodi? Munthu amapita kukathamangitsa yekha kasitomala? Baibulo likuti tonse ndife dothi. Ndiye mundipezere dothi lopanda munthu m'Malawi muno!”

“Limeneli ndikulidziwa, alamu.”

“Mkulu wa mpingo wathunthu kumaopa mizimu! Mawa tidzakupezani mukuthira nsembe patsinde la mtengo.”

“Mizimu sindikuiopa. Ndikuopa kuuza munthu kuti nali dothi, ndikudziwa kuti si dothi lokha. Ndiponso anawa ndi mbumba yanu. Ine ndine mkamwini chabe. Mwini wake ndinu.”

“Mbumba yanga ndi imene ikufuna kudya lero,” anatero a Lawford.

Maganizo a a Nebert anali osavuta. Njerwa yosaotcha ukaithira madzi imabwerera kudothi. Iwo ankafuna kugumula uvuni, kubweza dothi m'dzenje, kuti amayi aakulu amene anaika makandawo abwere adzakwirire mwa mwambo wawo, abusa n'kupempherapo. Anachenjeza mlamu wawo kuti asayatse, nakwera basi ya ku Kasiya kukatenga amayiwo.

Pobwera, utsi anauonera patali. Makomo onse a uvuni anali lawilawi, a Lawford akusonkhezera nkhuni, thukuta lili kamukamu. Amayi aakulu aja anaima pamsewu, nafunda nsalu kumutu, n'kubwerera. Njerwa yootcha sibwereranso kudothi. A Lawford ankadziwa zimenezo, n'chifukwa chake anafulumira.

Uvuni utazizira, a Nebert anapita ku Old Town kukadandaula kwa abusa kuti njerwazo zikwiriridwe ngakhale zili zootcha. Abusawo anawakhazika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, kenako anawauza kuti nkhaniyi ndi ya m'banja, akakambirane mwachikondi. Atabwerera kuchulu anapeza phulusa ndi mikwingwirima ya matayala a malole. Mpingo umene unkadula munthu chifukwa chomupeza ndi chipanda cha mowa sunaone chifukwa choitanira a Lawford kubwalo. Chaka chotsatira anawasankha kukhala oyang'anira ntchito yomanga tchalitchi chatsopano.

A Nebert sanagwirenso chikombole. Munthu amene akanalemera ndi likulu monga analemerera anzake anakhala wosamalira maluwa m'nyumba za mabwana. Sankakhalitsa pamodzi. Chaka chino ali ku Area 12, chamawa ku Area 15, kenako abwereranso. Mabwana ankati ndi wokhulupirika, sabera ngakhale papaya, koma mutu wake suyenda bwino. Ankamupeza ataimitsa mpope, madzi akungotayika, chikhatho atachigunditsa kukhoma. Pamene pulasitala wagumuka ankawerama n'kuyang'anitsitsa kufiira kwa njerwa. Ana a bwana akamamenyetsa mpira kukhoma, ankawapempha mwaulemu kuti akasewerere pakapinga. Akafunsidwa chimene akufuna, ankati, “Palibe, dona,” n'kutola khasu lake.

Sanatukwanepo mlamu wawo. Lamulungu lililonse ankapita kutchalitchi, ndipo a Lawford akamadutsa ndi mbale ya mgonero, ankalandira m'manja mwawo. Akatuluka ankawapatsa moni, kenako funso limodzi lomwelo: “Alamu, zinapita nyumba iti?” A Lawford ankaseka, kapena kuyang'ana wotchi, kapena kuona munthu wina wofunika kumupatsa moni. A Nebert anamwalira mu 1991 asanamve yankho.

Mayi Ursula alipo, ku Kawale komweko, maso ayamba kuchita khungu. M'tchalitchi amakhala pakati pa benchi, ndipo kulikonse kumene apita m'tauni muno satsamira khoma la njerwa. Sakufuna kugwetsa nyumba ya munthu. Sakufuna chipepeso. Akufuna kuima pageti limodzi, kupemphera, n'kubwerera kwawo.

A Lawford Zikhale, mudakali moyo. Mumakhala pampando pakhonde la sitolo yanu ku Old Town, ndipo nzeru zanu zikadali bwinobwino, pakuti nyimbo zonse za m'buku mumayimba pamtima. Malole aja munawaitana ndinu, ndipo munakwera kutsogolo kukalozera njira. Mlongo wanu akufunsa, ndipo mumuyankhe asanatseke maso: njerwa zija zinamanga nyumba iti?