Mwala wa mphete ya a Barbara

Malume anga a Killian anali munthu wamantha, ndipo sindikuwanena, iwo eni ankavomera. Galu akauwa ku Chilenje, iwo ku Kabwata amakhoma chitseko. Atawachotsa ntchito ku mgodi ku Luanshya mu 1994, anabwera ku Lusaka n'kuyamba kukonza mphete ndi ndolo m'kachipinda kuseri kwa nyumba yathu. Manja anali nawo, maso akuthwa ngati singano.

Lamulo la ntchito yawo linali limodzi: mwala umauyesa mwiniwake akuona, asanatuluke pakhomo. Tsiku lina analiphwanya. Kunabwera mayi wa ku Kabulonga, a Barbara, mkazi wa a Wilbroad, amene kale anali mkulu wa asilikali. Mphete yawo ya ukwati inali itayamba kuthina. Malume ataona galimoto ndi mlonda wamfuti, anangoti "inde mayi, inde mayi", n'kulandira osayesa mwala.

"Musamale, ni emelodi ya zoona iyo," anatero mayiwo akukwera galimoto.

Pokulitsa mphete pamafunika moto, ndipo emelodi, mwala wobiriwira wamtengo wapatali, amang'aluka ndi moto, choncho malume anachotsa mwalawo n'kuuika pambali, chapafupi ndi mbaula. Pobwera kudzautenga anapeza phulusa litaukakamira. Analipukuta. Mwala utafundanso, phulusa linabwerera. Apo anadziwa kuti zavuta, chifukwa emelodi sakoka phulusa. Umene umatero ukafunda ndi tomalini, mwala wobiriwiranso koma wotsika mtengo kwambiri.

Anatulutsa kaemelodi kawo koyesera, n'kuika iwiriyo pa pepala loyera. Wawo unali ndi timing'alu m'kati tonga ndere, monga emelodi amakhalira. Wa mayiwo unali woyera bwino, koma ukauyang'ana chakunsonga umada. Anayesa katatu, ngati kuti mwala ungasinthe maganizo.

Masiku awiri sanadye. Akanena zoona, adzati wasinthanitsa ndi iyeyo. Akakhala chete, wina adzaona tsiku lina, ndipo womaliza kuugwira anali iwo. Za a Wilbroad anthu ankanong'ona kuti amene walowa nawo mlandu sabwerera ndi mano onse. Ine ndinawauza kuti athawire ku Luanshya. Anati miyendo sikuwalola.

Tsiku lachitatu m'mawa anakwera minibasi, miyala iwiri ili m'thumba la malaya. Pageti agalu awiri anawanunkhiza mpaka m'mawondo. A Barbara anawalandira pakhonde, ndipo malume anapempha phulusa la m'mbaula ya mlonda. Anafunditsa miyala yonse padzuwa, pa tebulo lachitsulo, n'kuiyandikiza. Wina unakhala mbee. Wina unavala phulusa.

"Amayi, nilumbila pali Mulungu, sininachinje. Mwala wanu ni tomalini."

Mayiwo anautola, n'kuutembenuza ndi chikhadabo kufuna kenakake. Anapeza kobenthuka pakona.

"Apa ninaugunda pa sinki chaka chamene anabadwa mwana wanga Chibesa. Ni wanga uyu." Anawerenga zaka zimene akhala akuuvala. "Zaka twente-thuu."

Malume anapuma koyamba m'masiku atatu. Koma mpweyawo sunafike pansi, chifukwa chitseko chinatseguka, n'kutuluka a Wilbroad, chimunthu chodzaza khomo, atavala kabudula ndi patapata.

"Ndiwe wa mphete? Shani, mwaiche!" Atawapatsa moni wa Chibembawo, anawamenya paphewa mpaka malume anapendekeka. "Wauona mwala uyo? Ninapita neka ku migodi ya ku Ndola Rural kuusankha. Ng'ombe sikisi zinapita pamenepo. Uza madamu, iwe uziba vintu. Ni emelodi yabwanji?"

Malume anayang'ana bamboyo ndipo anaona chimene sanayembekeze. Munthuyo sankanama. Ankamwetulira ngati mwana wonyamula sitifiketi. Anam'pusitsa ndi ogulitsa, zaka zonsezo osadziwa.

Anayang'ana mayiwo. A Barbara anali atapukuta kale phulusa lija ndi chitenje, ndipo anaona nawonso zimene malume anaona.

"Yankhani, ba Killian," anatero mofatsa, maso ali pa iwo osaphethira.

Malume sananamepo za mwala chiyambire ntchito yawo.

"Bwana," anatero, "mwala monga uyu sininaugwilepo."

A Wilbroad anaseka mpaka agalu anauwa. Mpheteyo itatha, a Barbara anatambasula dzanja kuti malume awaveke, ndipo anaivala mpaka tsiku limene tinakawaika m'manda ku Leopards Hill.