Mendulo yotentha ya pa Nsaru

Loweruka ndinakameta kwa alamu anga a Dzonzi, amene amatchajanso mafoni pa Nsaru. Ndinapeza benchi ili mbee, mafoni otchajitsa kulibe. Malo amene kale ankadzaza ngati pachigayo!

Chavuta n'kambale kakuda kamene mng'ono wawo anawatumizira kuchokera ku Joni. Umangokhazikapo foni, osalumikiza chingwe, moto n'kumalowa. Mayi wina wa ku Nambuma anaikapo foni yake. Pokaitenga inali yotentha, ndipo mendulo yakutchalitchi imene amaisunga m'kati mwa kava ya foniyo inamuwotcha chala.

"Amayi aja anakuwa kuti kambaleka kakulimbana ndi mendulo," anatero alamu. "Pano msika wonse ukuti ndinakhwima. Kodi ine, alamu? Ngakhale mwana wometa sakubweranso."

Chisoni chinandigwira, pakuti banja lawo limadyera pa benchi imeneyo.

Musaganize kuti ndikukaikira kumbuyo kambaleka. Inenso ndimakakayikira. Amati n'kopanda waya, koma kali ndi chingwe chake chopita ku batire ya sola. Ndiye watha waya uti? M'kati mwake muli waya wakopa wokulungidwa ngati nkhata. Magetsi akamayendamo amatulutsa mphamvu ya maginito, ndipo nkhata inzake, imene ili kumsana kwa mafoni ena, imaisandutsanso magetsi. Foni ikakhala mopendekera, moto umalowa mwaulesi, wina n'kumangotayika ngati kutentha. Kafoni kamabatani ungakagoneke pamenepo mpaka fodya atauma, sikadzuka.

Maginitowo sasankha. Chitsulo chilichonse chokhala pakatipo amachitenthetsa, kaya ndi kiyi, kaya ndi lezala. Ife a kuno kava ya foni tinaisandutsa thumba, chilichonse timalongamo. Mendulo ndi chitsulo basi.

Koma chimene ndikukayikira kwambiri si kambale ayi. Mayi uja anakwera minibasi tsiku lomwelo. Nanga nkhaniyi yazungulira bwanji msika wonse, mpaka kumera nyanga ndi mchira? Paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinafunsa wogulitsa tomato, ndinafunsa wakabaza, onse akuti anamva kwa a Chimbalanga, bambo wachifundo amene akuchenjeza aliyense wodutsa.

A Chimbalangawo amatchaja mafoni tsidya la msewu, ndipo sabata ino awonjezera benchi yachiwiri.

Inu amene mwasamutsira foni yanu kumeneko, munayamba mwafunsa kuti mfitiyi anaiona ndani?