Chaka Chimene Anayamba Kunditcha aNabanda

Ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu, ndili Sitandade 7, pamene anthu akwathu anayamba kundipatsa ulemu. Kwathu ndi kumapiri a ku Lobi, kumene mwezi wa Juni nkhungu imagona pansi mpaka dzuwa litakwera, ndipo ana tinkapita kusukulu manja ali m'khwapa, milomo itang'ambika ndi chisanu. Dzina langa ndi Tiyamike, koma pakhomo ndinali "iwe" basi. Iwe katunge madzi, iwe tasiya phokosolo.

Anayambitsa ndi amalume, alongo awo a amayi, amene kwathu ndiwo eni mbumba ndipo mawu awo pa ana a mlongo wawo satsutsidwa. Tsiku lina ndikuchokera kudimba anandiimitsa panjira nati, "Mwaswera bwanji, aNabanda?" Ndinacheuka kuti ndione mayi amene akumupatsa moniyo. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Nabanda ndi mfunda wa bambo anga, amene anali atamwalira kale, ndipo kwathu mtsikana amaitanidwa ndi mfunda akakula, pamene anthu afuna kuti dzina la ubwana liiwalike.

Kunena zoona, zinandikomera. Ndinayamba kuyenda modzimva, khosi lili njo. Koma ulemuwo unabwera ndi zinthu zina zimene sindinkazimvetsa. Ndikalowa m'nyumba, akuluakulu ankadula nkhani. Amayi anandipatsa chitenje chatsopano, chonunkha kusitolo, koma pondipatsapo sanandiyang'ane kumaso. Ndiye panali bambo wina wa ku Chimbiya, wogula kachewere, amene galimoto lake linkaima pakhomo pa amalume kawirikawiri ngakhale munda wawo sunali waukulu. Anali ndi imvi m'ndevu. Nayenso ankati, "Muli bwanji, aNabanda?" uku akundiyang'ana mmene ankayang'anira thumba la mbatata asanatchule mtengo.

Mphunzitsi wathu anali Madamu Chisale a ku Mayani, mayi wamfupi, wapakamwa, amene tinkamuopa tonse. Mmawa uliwonse ankaima pakhomo la kalasi n'kumatiyang'ana mmodzimmodzi polowa, ndipo ukalowa wosasamba kapena wanjala ankadziwa. Tsiku lina anyamata, amene anali atamva za kumudzi, anayamba kundiseka. "Tapatukani, aNabanda adutse!" Kalasi yonse inafa nacho chiseko. Madamu okha sanaseke. Pa buleki anandiitana.

"Iwe Tiyamike, dzina limeneli wakupatsa ndani?"

"Amalume, Madamu."

"Ayamba liti?"

Ndinawauza kuti pokumba mbatata. Anandifunsa ngati kwathu kukubwera mlendo, ine n'kuyankha kuti ayi, kupatula wogula kachewere uja. Anayamba kupukuta choko m'zala zawo ngakhale chinali chitachoka kale. Apa m'pamene ndinayamba kuchita mantha, osadziwa n'chimene ndikuopa.

Loweruka la sabata lomwelo amayi anandiletsa kupita kudimba. Anati ndisambe, ndivale chitenje chija. Nkhuku inaphedwa popanda chikondwerero chimene ndinkachidziwa. Chakumasana galimoto lija linafika, ndipo ulendo uno bamboyo anabwera ndi amayi awiri achilendo amene anakhala pamphasa n'kumandiyang'anitsitsa kuyambira kumapazi. Ana anzanga anathamangitsidwa pabwalo. Pakhomo panali zii, moti ndinkamva mphepo ikuwomba m'mabulugama.

Kenako tinamva "Odi!" Anali Madamu, nsapato zili mbuu ndi fumbi, atayenda wapansi kuchokera kusukulu. Anagwada, napereka moni kwa aliyense mwaulemu wake. Atatha anatembenukira kwa ine, ndi mawu aja a m'kalasi.

"Iwe Tiyamike! Tabwera kuno. Ndione zikhadabo." Anagwira manja anga nawakweza kuti onse aone. "Taonani litsiroli! Nanga kumakutuku unasambako liti? Masamu ndinakupatsa aja wachita, mwana iwe?"

Manyazi anandigwira mpaka misozi inalengeza. Pa nthawi imeneyo ndinawada mayi amenewa ndi mtima wanga wonse. Anali atandivula ulemu wanga wonse pamaso pa alendo.

Amalume anakhosomola. "Aphunzitsi, pano pali alendo. Awatu ndi aakulu tsopano."

"Aakulu ake ati, bambo? Ine ndikuona mwana wa m'kalasi mwanga, amene amatafunabe cholembera. Lolemba pamalo pake pakakhala popanda munthu, ndibwera ndi amayi a gulu la pasukulu, ndipo tikachoka pano sitibwerera kunyumba, tipitirira kupolisi."

Maso a amalume anafiira, ndipo ndinali ndisanaonepo munthu akuwayankha chotero. Madamu anatsitsa mawu, nayang'ana amayi anga, amene anali pakhomo la khitchini.

"Mayi, mwanayu munabereka ndinu. Tamuitanani, ndimve."

Amayi anayang'ana alongo awo, anayang'ana pansi. Ndinadziwa tsopano, ngakhale panalibe wondiuza, kuti akanena kuti "aNabanda" ndiye kuti madzulo ano ndikwera galimoto lija.

"Tiya," anatero motsitsa, kenako mokweza, "iwe Tiya, kavule chitenjecho!"

Alendo aja ananyamuka osadya nkhuku. Koma nkhani siinathere pomwepo. Amalume anasiya kuponda pakhomo pathu. Mmawa wina Madamu anapeza kabichi yense wa kudimba kwawo atazulidwa n'kumwazidwa, ndipo m'mudzi munamveka mawu akuti mphunzitsi wolowerera za eni sadzaiona mvula. Iwo sanasunthike. Anapempha amayi kuti ndizikhala kunyumba kwawo mpaka nditalemba mayeso a Sitandade 8, ndipo kumeneko ndinatsuka mbale n'kukalipiridwa ngati mwana wina aliyense.

Lero ndine namwino, ndipo ndimaona atsikana ang'onoang'ono akubwera kusikelo ali ndi pakati. Ndikamaganiza za Madamu Chisale, ndimaona kuti analibe mphamvu iliyonse yoposa ya amalume. Chimene anali nacho n'chakuti ankandidziwa bwino, moti dzina langa litangosintha khutu lawo linamva kuti pali cholakwika. Mphunzitsi wongobwera kudzalemba pabolodi akanaseka limodzi ndi kalasi.

Mvula isanagwe chaka chomwecho, galimoto lija linayamba kuima pamudzi wina kuseri kwa phiri. Kumeneko kunali Esinati, msuweni wanga, wamng'ono kwa ine, amene anasiyira sukulu mu Sitandade 4. Nayenso anayamba kupatsidwa moni wa akuluakulu. Iye dzina lake litasintha, panalibe amene anadabwa.