Tayala la Apongozi Linkaphwa Loweruka Lokha

Chaka chimene sitolo ya pakona ku Santhe inaika sola, ine ndinali mphunzitsi wa sitandade seveni, ndikukhala chikamwini kumudzi kwa akazi anga. Mwini sitoloyo, Msilamu wachikulire wosachuluka mawu, anapachika TV pamwamba pa shelefu ya sopo moyang'ana kukhomo. Loweruka lililonse masana pankaonetsedwa sewero lanthabwala, ndipo khonde linkadzaza mpaka ogula shuga kusowa polowera.

Sewerolo linalibe chachilendo. Pabalaza pamodzi, sofa imodzi, bambo wamimba wokonda kubisira mkazi wake tizinthu, mayi wolongolola amene ankatulukira zonse, ndi neba wodzapempha mchere pa nthawi yolakwika. Bamboyo akanama, anthu osaoneka ankaseka m'kati mwa TV momwemo, ngati akutiuza kuti posekera ndi pano. Likamatha, onse akhululukirana, akhala pa sofa paja. Sabata yotsatira, zomwezo.

Ine ndinkalinyoza poyera. Ndinali nditalembapo sewero langa lokamba za kutha kwa mitengo, limene makolo analionera pasukulu ali chete, ena atatsinzina. Chete ameneyo ndinkamutcha kuganiza mozama. Ndiye wailesi italengeza kuti sewero la pa sofa lija lapata mphoto yaikulu ya chaka, kuposa lina lokamba za mavuto a matenanti m'maesiteti, ndinapsa mtima. La matenantilo sindinalionepo, koma ndinali wotsimikiza kuti linali lozama.

Uthengawo unatipeza m'chigafa tikusankha fodya. Ndinalalata kwa nthawi ndithu, masamba ali m'manja. Apongozi anga aamuna anali pomwepo. Anali mkulu wa mpingo, akazi awo anali atamwalira zaka zitatu zapitazo, ndipo chikwatirireni mwana wawo anali asanagwirizanepo nane pa chilichonse, ngakhale kamangidwe ka ndindi ya fodya.

“Apa mwanena zoona, aphunzitsi,” anatero osadzutsa mutu. “Mphoto ya chiyani? Munthu wamkulu kumabisala kuseri kwa sofa? Zachibwana.”

Ndinamva kukoma ngati andipatsa munda.

Kuti ndilembe kalata yodandaula kunyuzipepala, ndinaona kuti ndiyenera kulionera bwinobwino sewerolo. Ndinayamba kulowa m'sitolo muja Loweruka, n'kuima kuseri kwa matumba a feteleza, kope lili m'manja. Patatha masabata anayi kalatayo inali isanapitirire pa moni, koma ndinali nditadziwa kuti neba akagogoda kawiri ndiye kuti zinthu zaipa, ndipo ndinkaluma kolala ya shati kuti anthu asandimve.

Tsiku lina ndikutuluka, ndinaona njinga ya apongozi ili chagada pansi pa mtengo wa mango, pamene pamakhala bambo wokonza njinga. Eni ake anali atangolowera kumsika.

“Yatani njinga ya madala?” ndinafunsa.

Wokonza njingayo anayang'ana uku ndi uku. “Chubu ichi ndachiviika m'madzi Maloweruka asanu otsatizana. Chilibe bowo. Amachiphwetsa okha pakamlatho paja, n'kubwera akukankha. Akafika amakhala pa benchi iyi, ati ndisafulumire.”

Ndinakhala pa benchipo. Kuchokera pamenepo, kudzera pakati pa mitu ya anthu, TV inkaoneka yonse.

Munthu wabwino akanangosunga pakamwa. Ine Loweruka lotsatira ndinavala shati yoyera, ndinamangirira mpope pa keriyala, n'kukaima pabwalo pawo.

“Bambo, ndamva kuti tayala likukuvutitsani. Lero ndikuperekezani. Likaphwa tipopa pompo.”

Anandiyang'ana nthawi yaitali. “Mulibe ntchito kunyumba?”

“Ndamaliza zonse.”

Tinanyamuka, iwo patsogolo ine pambuyo, kudutsa m'minda ya fodya yongotsala mapesi. Titafika pakamlatho anachepetsa liwiro, anayang'ana tayala, anayang'ana mpope wanga, n'kupitirira. Patsogolo pang'ono anatsika.

“Tcheni ichi chikulira.”

“Ine sindikumva kanthu, bambo.”

“Makutu a achinyamata a masiku ano,” anatero, n'kuyamba kukankha.

Wokonza njinga atationa tikubwera awiri anangotembenuza njingayo, nkhope ili gwa, n'kuyamba kupukuta tcheni chimene chinalibe vuto. Tinakhala pa benchi, mkamwini uku mpongozi uko, pakati pathu malo okwana anthu awiri. Tonse tinkayang'ana tchenicho mwachidwi. Kukhonde nyimbo yoyambira sewero inalira.

Tsiku limenelo bambo wamimba uja anali atagula nsapato zodula n'kuzibisa mumphika, mkazi wake n'kuika mphikawo pamoto. Ndinagwira mpweya. Ndinayesa kuganiza za matenanti. Kenaka neba anagogoda kawiri, n'kulowa akununkhiza m'mwamba, ati, “Mwaphika chiyani chonunkhira chonchi?”

Pambali panga panamveka phokoso ngati la mbuzi yotsamwa. Apongozi anali atagwira pamimba, chipewa chagwa, misozi ili mbwee, phazi likumenya pansi. Nanenso ndinaphulika. Anthu a pakhonde anatembenuka kusiya TV n'kumaonera ife.

Pobwerera tinayenda wapansi, njinga tikukankha. Tinadutsa kamlatho.

“Mayi wa m'sewero uja,” apongozi anayamba okha, “akamakalipa amagwira m'chiuno ndi dzanja limodzi, linalo akuloza kudenga. Apongozi anu aakazi ankatero ndendende. Ndinagulapo wailesi osawauza, n'kuibisa m'nkhokwe. Anaipeza tsiku lomwelo.” Anapukuta m'maso ndi chipewa. “Kunyumba kuja kuli zii masiku ano. Palibe wondikalipira.”

Tinayenda pang'ono, kenaka ndinafunsa mwaulemu wonse, “Ndiye mphoto ija, bambo, anaipereka molakwika?”

“Molakwika kwambiri,” anayankha msanga. “Anapatsa gulu lonse. Bambo uja sadziwa kunama, neba uja amachedwa kulowa. Ikanapita kwa mayi yekha uja.”

Ine maganizo anga sanasinthe kwenikweni. Mpaka lero ndimati sewero lija silinaphunzitse munthu kanthu, ndipo mukaonera limodzi mwaonera onse. Koma nditawafotokozera akazi anga za kuseka kuja, anasiya kusefa ufa n'kundifunsa kawiri ngati ndikunena bambo awo omwewa. Anati chiikireni maliro a mayi awo anali asanawamvepo akuseka choncho. Sewero langa la mitengo silinachititsepo munthu aliyense kusiya kusefa ufa.

Mwini sitolo anali ataona zonse. Loweruka lotsatira tinapeza mipando iwiri yapulasitiki pakhonde, kutsogolo kwenikweni. Apongozi anati akhalapo chifukwa cha msana basi.

Vuto linatsala limodzi. Nthawi ya swala ya masana ikakwana, mwini sitolo ankazimitsa TV, kutseka chitseko, n'kupita kumzikiti, sewero lili pakati. Anthu onse ankadikira mwaulemu. Tsiku lina anazimitsa mayi uja atangotsegula chivundikiro cha sutikesi imene mwamuna wake anabisamo nkhuku. Apongozi, mkulu wa mpingo amene pemphero lake Lamulungu linkapoletsa tiyi wa mudzi wonse, anaimirira n'kuvula chipewa.

“Achimwene,” anatero mofatsa, “pitani mukapemphere, ndi chinthu chabwino. Koma lero mukachite mwachidule. Mulungu amamva ngakhale mawu ochepa.”

Mwini sitoloyo anawayang'ana, ndevu zikugwedera. Anabweza kiyi m'thumba, n'kuyatsanso TV, n'kuwapatsa rimoti m'manja.

“Mundisungire sitolo,” anatero. “Ndikabwera mundiuze ngati nkhukuyo yatuluka yamoyo.”