Manambala Amene a Sefa Anataya

Ku ofesi ya zanyengo dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Aliyense amangoti a Sefa, poti ntchito yawo ndi kusefa. Zaka makumi awiri ndi zitatu mayi amenewa akhala pampando umodzimodzi wothyoka chotsamira, m'kachipinda kopanda zenera. Munthu wolosera mvula koma osaona kumwamba, ha!

M'mawa uliwonse setilaiti imatumiza manambala miyandamiyanda: kutentha kwa mpweya, chinyezi, liwiro la mphepo kumtunda uko. Manambalawo asanalowe m'kompyuta yaikulu yowerengera nyengo ya mawa, amayamba adutsa m'maso mwa a Sefa. Lamulo lake ndi limodzi: nambala ikasiyana kwambiri ndi zimene kompyuta ikuyembekezera, ndiye kuti setilaiti yanama, itayeni. Ndipo imanamadi, makamaka mitambo ikaitchinga. A Sefa ataya manambala mpaka maso afooka, msana wauma gwa. Akalosera molondola palibe wothokoza. Akaphonya, ngakhale kondakitala wa basi amawaseka. Anatopa nazo, osati pang'ono.

Lolemba lina mlamu wawo, kalipentala, anaimba foni. Mitengo ya denga la nyumba ya amayi awo a Sefa inali itafumbwa, ndipo ankafuna masiku awiri ouma kuti asasule malata.

"Alamu, ndisasule Lachinayi? Paja inu mumacheza ndi mitambo."

"Dikirani ndione kaye, alamu. Musandithamangitse ngati ndaba nkhuku."

Lachitatu m'mawa manambala a chinyezi cha kumpoto anabwera okwera modabwitsa, kompyuta ikuyembekezera kouma. Mwezi umenewo setilaitiyo inali itanama kale kanayi. A Sefa, mutu ukuwawa, tiyi atazizira m'kapu, sanavutike n'kufunsa anzawo. Anataya mzere wonse. Kompyuta inameza zotsalazo n'kulosera dzuwa loswa mtengo mpaka Loweruka.

"Sasulani, alamu," anatero a Sefa pafoni. "Mvula ikagwa mudzandimete mpala."

Lachinayi masana anamva phokoso padenga la ofesi. Poyamba ankayesa makina ozizitsira kompyuta. Kenako mnzawo wa chipinda choyandikana analowa atanyowa ndi mvula, malaya atamata pathupi. A Sefa anatsegula mzere umene anataya uja, nauyang'ana nthawi yaitali. Setilaiti sinaname.

Anafika kwa amayi mvula ikukata. Nyumba inali yasaa, mitengo yatsopano ili mbee pamwamba, madzi m'chipinda akufika m'kakolo. Matiresi anali atamwa mpaka amuna awiri kulephera kuwanyamula. Sutikesi ya zithunzi za malemu bambo anaipeza itadzaza, zithunzizo zitasanduka phala. Mlamu uja anaima pakhonde atagwira pepala lapulasitiki long'ambika, ndipo sananene za mpala. Bwenzi atangolalata, zikanapepuka.

Amayi anali m'khitchini mwa aneba, atafunda bulangete la eni, akutsokomola. Ndi munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, chifuwa chake chovuta kale. A Sefa anagwada pambali pawo.

"Usadzizunze, mwana wanga," anatero amayi, akuwasisita dzanja. "Ndawauza alamu akowa asakuimbe mlandu. Zakumwamba palibe amene amauzidwa."

"Ine ndinauzidwa, amayi," anayankha a Sefa chapansipansi.

"Wati chiyani? Kweza mawu, makutuwa anatha."

A Sefa anayang'ana manja ozizira amene anawagwirawo.

"Ndati mwadya, amayi?"