Ngumbi za a Kristina

A Kristina ndi mlongo wawo wa malemu amuna anga. Kuno ku Mphunzi amadziwika ndi ngumbi: mvula ikayamba amatchera pachulu, amakazinga, n'kukagulitsa pamsika. Chodabwitsa n'chakuti ngumbizo siziwayanja. Akangodyako, thupi lonse limachita zidzolo zoyabwa. Koma saika chakudya pamsika asanalawe mchere. N'chifukwa chake pamfundo ya chitenje chawo sipasowa timapiritsi tachikasu ta ziwengo. Amalawa, amameza kapiritsi kamodzi, amawodzera pang'ono, basi.

Chaka chatha, Lachisanu lina m'mawa, ndinkawathandiza kupeta mapiko. Analawa ziwiri, n'kumeza kapiritsi kawo. Posakhalitsa ndinaona mlomo wam'mwamba ukutupa, kenako zikope.

"Alamu, nkhope yanu," ndinatero.

"Nkhope yanga yatani? Mukufuna kundipezera mwamuna?"

Anaseka, koma mawu anatuluka osasa. Anameza kapiritsi kachiwiri n'kutsamira khoma, maso ali tsinzi.

"Ndi tulo ta mankhwala. Petani."

Ndinapeta. Tulo tawo ndinkatidziwa, koma tsiku limeneli pakhosi pawo pankalira ngati kamluzu. Ndinkangoganiza kuti ndikaitana anthu, iwo n'kudzuka bwinobwino, mudzi wonse undiseka. Nditawagwedeza anatsegula pakamwa, lilime litadzaza m'kamwa monse.

Ine sindikweza mawu, ngakhale kutchalitchi ndimayimba chamumtima. Tsiku limenelo ndinaima pamsewu n'kukuwa mpaka a Gervazio, a njinga yamoto, anasiya tiyi wawo. A Kristina tinawakweza pakati. Ndinawamangirira kumsana kwa a Gervazio ndi chitenje ngati mwana, ine kumbuyo. Msewu unali woterera. Njira yonse khutu langa linali pamsana pawo, kumvetsera kamluzu kaja. Pamlatho kanasiya. Kenako kanayambanso.

Kuchipatala anawabaya jakisoni pantchafu tisanakhale n'komwe. Mpweya utabwerera, namwino anayang'ana timapiritsi tija.

"Amayi, iti n'ta kuyabwa. Pakhosi pakayamba kutseka, timapiritsi timeneti sitingakupulumutseni. Ulendo wina mwina simudzafika kuno. Ngumbi musiyiretu."

A Kristina anagwedeza mutu kuvomera. Namwino atangotuluka, anandikoka mkono n'kunong'ona movutikira:

"Munavundikira lichero lija? Nkhuku zitha zonse."

Pamenepo ndinadziwa kuti malangizo a namwino aja sanawamve.